Momwe mungaonere Tokyo Story mpaka kumapeto osagona

Pali mafilimu oti ukayika, pakatha mphindi 20 wina amafunsa kuti kodi iyamba nthawi yanji, chonsecho inayamba kalekale. Tokyo Story ili m'gulu limenelo. Ndi filimu ya ku Japan ya mu 1953, ya zithunzi zakuda ndi zoyera zokhazokha, anaipanga ndi Yasujiro Ozu, ndipo imatenga mphindi 136. Mulibe ndewu, mulibe mfuti, mulibe zothamangitsana pa galimoto, ngakhale kulalatirana kwenikweni mulibe. Nkhani yake ndi yoti agogo awiri, bambo ndi akazi awo, anyamuka kwawo kukaona ana ku tawuni, anawo ali bize, agogowo abwerera, mayi aja amwalira. Basi. Ndakuuzani yonse ndipo palibe chomwe ndakuwonongerani, chifukwa filimu iyi siyendera chinsinsi choti kumapeto kukhala bwanji.

Koma mu 2012 magazini ya ku Britain ya Sight and Sound itafunsa madayirekita a mafilimu kuti yoposa zonse ndi iti, iyi ndi imene inakhala nambala 1. Nde mulimo zinthu mmenemu, kungoti ambirife tinazolowera mafilimu oti amakukoka okha ngakhale ukutsuka mbale, pomwe iyi imafuna iweyo usendere pafupi.

Yambani ndi kusankha nthawi. Musaiyike 10 koloko usiku mutadya nsima yambiri, mugona ndithu ndipo mawa mudzati ndi yobowa pomwe vuto linali mimba yanu. Loweruka kapena Lamulungu masana ndi bwino, mutu uli wopepuka. Ngati kwanuko magetsi amakonda kuthimathima tchajiranitu laputopu izadze, chifukwa kuidula pakati n'kudzapitiriza mawa kumaipha, mphamvu yake imachita kuunjikana pang'onopang'ono ndipo imadzakugwerani mu mphindi 30 zomaliza, ukaidula zija zaunjikana zija zimamwazika. Foni ikhale chipinda china, osati pambali panu itatembenuzidwa ayi, chipinda china. Apa sindikunyengererani, filimu iyi ili ndi malo ambiri oti anthu angokhala chete akudzikupiza mphepo, ndipo pamenepo ndi pomwe dzanja limapita lokha ku WhatsApp, ukamadzutsa mutu chinthu chofunika chadutsa kale ndipo sichibwerezedwa.

Sikirini ikhale yokulirapo, TV kapena laputopu, pa foni mutaya zambiri chifukwa zochitika zina zili kumbuyo kwenikweni kwa chipinda. Chithunzi chake ndi chija chakale chokhala ngati bokosi, m'mbali mwa TV mutsala mizere yakuda, isiyeni choncho, musachikoke kuti chidzaze sikirini yonse, anthu atupa nkhope. Amayankhula Chijapani nde mufunika ma subtitle achizungu, koma musaope, mawu ake ndi afupiafupi, a tsiku ndi tsiku, za nyengo, za sitima, za chakudya. Makope abwino ndi otulutsidwa ndi kampani ya Criterion Collection komanso bungwe la mafilimu la ku Britain la BFI, chithunzi ndi choyera ndipo mawu anamasuliridwa bwino. Za oonera nawo, musaitane gulu. Munthu mmodzi kapena awiri oti satha kuyankhulayankhula, kapena nokha. Ana aang'ono ayi, atopa ndipo akutopetsani.

Tsopano dziwiranitu banjali musanayambe, chifukwa Ozu sakuuzani kuti uyu ndi ndani, amangokulowetsani m'nyumba ngati mlendo nde mayina achijapani akakuchulukirani mutha theka la ola mukulimbana ndi kuti uyu ndi mwana kapena mpongozi. Bambo ndi a Shukichi Hirayama, mayi ndi a Tomi, azaka 68. Amakhala ku Onomichi, katawuni ka m'mphepete mwa nyanja m'chigawo cha Hiroshima, pamodzi ndi mzime wawo Kyoko yemwe ndi mphunzitsi ndipo sanakwatiwe. Wachisamba ndi Koichi, dokotala wa kakiliniki kakang'ono m'mphepete mwa mzinda wa Tokyo, ali ndi mkazi Fumiko ndi anyamata awiri, Minoru ndi Isamu. Kenako Shige, mayi wa saluni, wa pakamwa posachedwa. Keizo amagwira ntchito ku njanji ku Osaka. Ndiye pali mwana wina yemwe simumuona koma pa chithunzi, Shoji, anapita ku nkhondo osabwerako, papita zaka 8. Mkazi wake ndi Noriko, amagwira ntchito mu ofesi ndipo amakhala yekha m'kachipinda kamodzi. Noriko ameneyu ndi mpongozi, si magazi awo, gwirani mfundo imeneyi. Ngati mukufuna lembani mayinawa pakapepala, palibe manyazi.

Kanthu kena kongothandiza maso. Yemwe akusewera a Shukichi ndi Chishu Ryu, anali ndi zaka 49 zokha nthawi imeneyo, ndipo Haruko Sugimura yemwe akusewera mwana wake Shige anasiyana naye zaka zochepa chabe. Ukadziwa zimenezi n'kumaona momwe akukhalira pansi atawerama msana, momwe akuyankhira pang'onopang'ono, umachita kugwira pakamwa. Yemwe akusewera Noriko ndi Setsuko Hara.

Ikangoyamba muona kuti kamera ili pansi, pafupifupi msinkhu wa munthu wokhala pa mphasa, chifukwa m'nyumba za ku Japan za nthawi imeneyo anthu amakhala pa mphasa zawo zotchedwa tatami, kudya pomwepo, kugona pomwepo. Ndipo kamerayo siyenda. Filimu yonse pafupifupi ili njo pamalo amodzi, anthu ndi amene amalowa ndi kutuluka, nthawi zina onse atuluka kamera n'kutsalabe ikuonetsa chipinda chopanda munthu kwa masekondi angapo. Musaone ngati analakwitsa podula. Chochita apa n'chophweka, mmalo modikira kuti kamera ikulozereni poyang'ana, yendetsani maso nokha, onani amene wakhala pafupi ndi ndani, amene waima pakhomo osalowa, amene akugwira ntchito pomwe ena akucheza. Chinanso chomwe chimadabwitsa poyamba, anthu akamayankhulana Ozu amawajambula kuchokera kutsogolo, munthu amakhala ngati akuyankhula ndi inuyo. Mphindi 10 zoyamba zimaoneka zachilendo kenako mumazolowera, ndipo mukazolowera mumapezeka kuti mwakhala nawo pa mphasapo.

Pakati pa zochitika muzionanso zithunzi zopanda anthu, machumuni a mafakitale akufuka utsi, zovala zoyanika pa chingwe, njanji, maboti akudutsa pa nyanja. Ambiri apa ndi pomwe amathamangitsa filimu kutsogolo. Osatero. Zithunzizi zikukuuzani komwe muli, Onomichi ndi ya maboti ndi madenga a matailosi ndi kachisi pa phiri, Tokyo ndi ya utsi ndi zitsulo za nyumba zomwe akumanga, dziko lomwe likudzuka nkhondo itatha mu 1945. Komanso zikukupatsani mpata woti zomwe mwangomva zija zikhazikike. Filimu iyi ndi nyemba zouma, sizipsa ndi moto wa mapepala.

Tsopano pachimake penipeni pa kaoneredwe kake. Musamvere kwambiri zomwe anthu akunena, muziona zomwe akuchita, chifukwa aliyense mufilimuyi ndi waulemu, akumwetulira, akuthokoza, akupepesa, ndipo ukamatsatira mawu okha uganiza kuti zonse zili bwinobwino. Nkhani ili mu tinthu ting'onoting'ono. Agogo atafika kwa Koichi, mdzukulu wawo Minoru akukwiya chifukwa desiki yake yaikidwa pakhonde kuti agogo apeze pogona. Lamulungu banja lonse latchena kuti likawaonetse tawuni, kenako pabwera bambo wina kuti mwana wake wadwalika, Koichi anyamula chikwama ulendo wafa, agogo angoti palibe kanthu, dokotala wotanganidwa ndiye dokotala wabwino. Mwamuna wa Shige wagula makeke odula kuti apatse apongozi, Shige akuti n'zowononga ndalama, mabisiketi wamba awakwanira, uku iye akudya makekewo. Palibe chachikulu apa eti? Koma ziwerengeni, chimodzi, chiwiri, chitatu, muona momwe anthu awiri oti ayenda ulendo wautali pa sitima, nthawi imeneyo sitima zothamanga za Shinkansen kunalibe, zinadzayamba mu 1964, akusandukira katundu wosowa poika.

Pali malo amodzi oti ndikupempheni muwaonetsetse. Ulendo uja utalephereka a Tomi atenga kamdzukulu kakang'ono Isamu kupita nako pa kamtunda kapafupi ndi nyumba, kamwanako kakuthyola udzu osawalabadira n'komwe, iwo akukafunsa kuti ukadzakula udzakhala ndani, udzakhala dokotala ngati bambo ako, kaya ine ndidzakhala ndilipo. Mwanayo sayankha. A Shukichi akuwaona chapatali ali m'nyumba. Mukaphethira mudutsa osadziwa kuti filimu yakuuzani kale komwe ikupita.

Kenako yerekezani ndi Noriko. Shige amuimbira foni ku ofesi kuti iwe atenge agogowa ukawayendetse, ife tatanganidwa, ngati kuti Noriko alibe ntchito. Iye apempha tsiku kwa abwana, awakweza basi yoonetsa alendo mzinda, madzulo awatengera ku kachipinda kake. Apa yang'anani bwino, alibe mowa woti apatse apongozi aamuna nde apita kwa neba kukabwereka sake, mowa wawo wa mpunga uja, abwereranso kukabwereka ndi timakapu tomwe. Wosauka kuposa onse ndi amene akuchereza. Ndipo chithunzi cha malemu Shoji chili pa shelefu pomwepo, makolo akuchiyang'ana, iye akuwakupiza mphepo.

Zokupizira mphepozi muzizitsatiranso, ndi nyengo yotentha ndipo pafupifupi aliyense ali nacho m'manja. Onani amene akudzikupiza yekha ndi amene akukupiza mnzake.

Pakati pa filimu Koichi ndi Shige asonkherana ndalama n'kutumiza makolo ku Atami, malo a akasupe a madzi otentha m'mphepete mwa nyanja, akuti akapume. Kunena zoona akuwachotsa m'nyumba mwaulemu. Hotela yake ndi ya achinyamata, usiku wonse phokoso, nyimbo, masewera a mahjong, agogo ali gone maso ali tong'o, masilipasi awo awiri ali ndondondo pakhomo. M'mawa akhala pa khoma la m'mphepete mwa nyanja n'kugwirizana kuti tiyeni tizipita kwathu, poti adzuke a Tomi achita chizungulire n'kulephera kuima kwa kanthawi. Akuti mwina n'chifukwa sanagone. Sungani zimenezo. Atabwerera msanga ku Tokyo, kasitomala wa mu saluni afunsa Shige kuti awa ndi ndani, iye ayankha kuti ndi anthu ena odziwana nawo a kumudzi. Makolo ake omubereka. Ndipo usiku umenewo kwa Shige kuli msonkhano nde malo ogona palibe, agogo apezeka ali ku paki ya Ueno ndi timitolo tawo akungodikira kuti nthawi ipite. Pamenepa kamera imayenda pang'ono, ndipo poti yakhala chiimire nthawi yonseyi mumachita kumva m'thupi.

Apa ndi pomwe oonera ambiri amalakwitsa, amagamula mlandu msanga. Shige ndi mfiti, Koichi ndi wouma mtima, Noriko ndi mngelo, nkhani yatha. Mukatero filimu yonse isanduka ulaliki wa lemekeza atate ako ndi amako ndipo ikhaladi yobowa. Dziletseni. Funsani kuti Koichi akanatani, asiye mwana wodwala? Shige saluni yake ili m'nyumba momwemo, akatseka tsiku limodzi ndalama palibe, ndipo pali chifukwa chomwe amaipidwira bambo ake akaledzera, filimu imatiuza kuti kale a Shukichi anali chidakwa ndipo ankavutitsa mayi. Nde usiku uja wapolisi atawabweretsa ali thapsa pamodzi ndi mnzawo woti Shige samudziwa n'komwe, n'kudzigwetsa m'mipando ya saluni, kukwiya kwake kuli ndi mbiri. Aliyense amene analandirapo makolo ochokera kumudzi ali m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri ku Ndirande kapena ku Area 25, mwezi uli pakati, ntchito osapatsidwa tchuthi, akudziwa kuti chikondi chimakhalapo koma tsiku lachinayi umayamba kufunsa mochenjera kuti kodi munati mubwerera liti. Muziona Shige ndi diso limenelo, akuwawani kwambiri kuposa mukamuyesa mfiti.

Gawo la mowa lija musalitenge ngati nthabwala chabe ngakhale ndi loseketsa. A Shukichi akumwa ndi anzawo akale awiri, a Hattori omwe ana awo awiri anafera ku nkhondo, ndi a Numata omwe kale anali mkulu wa polisi ndipo akudandaula kuti mwana wawo sanafike pomwe ankayembekezera moti amachita kunamiza anthu za udindo wake. Apa ndi pokha pomwe a Shukichi amatulutsa za mumtima, kuti nawonso ankaganiza kuti Koichi ndi dokotala wamkulu mumzinda koma apeza kuti ndi wa kakiliniki ka m'makwalala, kenako okha n'kudzibweza kuti makolofe timayembekezera zambiri. Nthawi yomweyo a Tomi agona kwa Noriko, akumuuza kuti mwana wanga ukwatiwenso, usadzimange chifukwa cha ife, magetsi atazima Noriko ali maso. M'mawa awapatsa kandalama ka m'thumba, iwo akukana, iye akukakamiza. Mausiku awiriwa aoneni ngati chinthu chimodzi, abambo akulira ana amoyo, amayi akulira ndi mkazi wa mwana wakufa.

Chinthu china choti muzolowere, Ozu amadumpha zinthu zomwe filimu ina iliyonse ikanazionetsa. Ulendo wa pa sitima wopita ku Tokyo simuuona. A Tomi kudwala m'sitima pobwerera mpaka kutsikira ku Osaka kwa Keizo, simuona, mumangomva Keizo akuuza mnzake ku ntchito. Ngakhale imfa yeniyeniyo simuiona. Nde mukaona ngati mwaphonya kanthu musabweze m'mbuyo, simunaphonye, ndi dala. Amakuonetsani zisanachitike ndi zitachitika, pakatipo mudzaze nokha, ndipo ndi mmenenso ambirife timamvera za kwathu, pa foni, zitachitika kale.

Pa siteshoni ya Tokyo potsanzikana mvetserani a Tomi, akuuza ana kuti poti taonana, kukadzachitika kanthu musadzavutike kubwera, n'kutali. Ana akuseka kuti amayi musayankhule choncho. Ndipo ku Osaka agogo awiriwa akakhala okha amaunika ulendo wonse, ana asintha, Shige kale anali wofatsa, komabe poyerekeza ndi ena athuwa ali bwinoko, tili ndi mwayi. Muone nkhope zawo pomwe akunena zimenezi, kaya akukhulupirira kaya akungotonthozana, filimu siikuuzani ndipo ine ndimaona kuti n'zonse ziwiri.

Tsopano mphindi zomaliza, apa khalani tsonga, tiyi mumwe kale. Matelegalamu afika ku Tokyo kuti amayi ali kayakaya. Shige afunsa mchimwene wake ngati anyamule zovala za maliro, n'kumaliza yekha kuti tinyamule, zikapanda kugwira ntchito ndi bwino. Ambiri amamuda apa, koma ndani sanaganizepo zimenezo ali pa depoti kuthamangira matenda a kumudzi, kusiyana kwake iye wanena mokweza. Ku Onomichi Koichi awayeza mayi ake, aitanira bambo ndi Shige pambali n'kuwauza kuti safika m'mawa. Amene akuyamba kulira mokweza ndi Shige yemweyo, ndipo kulira kwake ndi kwenikweni. A Shukichi angoti oo, ndi choncho, ndiye kuti kwatha. Kenako zithunzi zija za doko, maboti, njanji, kunja kukucha, pobwerera m'nyumba nkhope ya mayi yaphimbidwa kale ndi kansalu koyera. Keizo yemwe amakhala pafupi kuposa onse ndi amene wafika mochedwa.

Apa musayembekezere kuti bambo agwe pansi. Asowa m'nyumba, Noriko akawapeza panja ataima akuyang'ana kunyanja, ndipo zomwe akunena ndi zoti kwacha bwino, lero kutenthanso. Kwathu kuno komwe maliro timalira mokweza, azimayi m'nyumba azibambo panja nyimbo usiku wonse, izi zitha kuoneka ngati mdalayu sizikumukhudza. Musamuweruze ndi muyezo umenewo. Mwakhala nawo maola awiri, mwawaona akukangana ndi akazi awo za kapilo kopopa komwe ankati kali m'chikwama cha mayi chonsecho kali mwawo, mukudziwa kuti munthuyu zake zonse amazinena mozungulira, nde akamakamba za nyengo mvetserani ngati akukamba za akazi awo.

Pa chakudya cha pambuyo pa maliro onani liwiro lomwe zinthu zikubwerera mwakale. Akumbutsana za mayi, aseka, Shige agwetsa misozi, kenako pomwepo afunsa Kyoko za shawelo ya mayi ndi kimono ina yake, chovala chawo chachijapani chija, kuti iye atenge ngati chikumbutso. Madzulo omwewo Koichi ndi Shige akwera sitima, Keizo nayenso akuti ali ndi ntchito komanso mpira wa baseball. Wotsala ndi Noriko. Kyoko, poti ndi wamng'ono, wapsa mtima, akuti abale akewo ndi odzikonda, ndipo inu oonera mukhala mbali yake. Koma mvetserani yankho la Noriko, sakuwanyoza, akuti ana akakula amakhala ndi moyo wawo, amatalikira makolo pang'onopang'ono, ndipo iyenso adzatero ngakhale sakufuna. Kyoko afunsa ngati moyo si wokhumudwitsa, Noriko avomera kuti inde, uku akumwetulira. Kumwetulira kumeneko ndi komwe anthu akhala akukambirana zaka zonsezi, kuyang'aneni bwino, ndipo mukafuna kubweza kagawo kamodzi kokha mufilimu yonse bwezani kameneka mukamaliza.

Ndipo musamusiye Noriko ali mngelo, iye mwini akukana. A Shukichi akumuthokoza kuti iwe woti si mwana wathu wobereka watichitira zoposa ana athu, akumuuza kuti amuiwale Shoji akwatiwe, kwathu kuno tikanati akumusudzula. Iye akuti ayi sindine wabwino monga mukuganizira, pamapita masiku osamukumbuka mwamuna wanga, usiku ndimada nkhawa kuti moyo wanga ukupita kuti, ndipo izi sindinathe kuwauza amayi. Bambo ampatsa wotchi ya malemu, iye aphimba nkhope ndi manja n'kulira. Mukafika apa ganizirani m'mbuyo kumwetulira kwake konse kuja kuyambira pachiyambi, muona kuti munkaonera munthu wotopa ndi wosungulumwa yemwe ubwino wake unalinso pobisalira. N'chifukwa chake filimuyi imakoma kwambiri kachiwiri kuposa koyamba.

Za tanthauzo la moyo zomwe anthu amakonda kuikamo, musadikire kuti wina aime n'kulalikira. Kulibe. Chomwe chilipo ndi neba uja amene anadutsa pa windo pachiyambi kuwafunira ulendo wabwino, adutsanso kumapeto, a Shukichi ali okha akudzikupiza, n'kumuuza kuti akanadziwa akanawakomera mtima kwambiri akazi awo ali moyo, ndipo kuti ukakhala wekha tsiku limatalika. Kakhalidwe kawo pa mphasa ndi komwe kaja, malo a mayi ndi amene ali pululu. Mukaika chithunzi choyamba ndi chomalizachi pamodzi mwaimva filimu.

Ikatha musathamangire kuyika ina kapena kutsegula TikTok, khalani kaye ngakhale mphindi 10. Ngati munaonera ndi wina, funso labwino si loti wakonda kapena ayi, koma loti mwa ana aja iweyo ndi uti, ndipo musadabwe aliyense akadzitcha Noriko, mufunseni kuti kumudzi anapitako liti. Ngati mwangoferedwa kumene kholo, ine ndingati dikirani kaye miyezi ingapo, gawo la Keizo akutuluka m'kachisi pakati pa mwambo chifukwa kulira kwa kang'oma ka wansembe kukumupweteka, n'kumadandaula kuti kholo sungalitumikire lili m'manda, limalasa kwambiri.

Mwina zingakuthandizeninso kudziwa kuti Ozu yemwe anajambula za makolo ndi ana moyo wake wonse sanakwatire, analibe mwana, ankakhala ndi mayi ake mpaka iwo anamwalira mu 1962, iye n'kutsatira pa 12 Disembala 1963, tsiku lomwe ankakwanitsa zaka 60. Nkhani ya Tokyo Story analemba ndi mnzake Kogo Noda atadzitsekera ku nyumba ya alendo m'tawuni ya Chigasaki, ndipo maganizo ena anachokera ku filimu ya ku America ya mu 1937, Make Way for Tomorrow. Kwa nthawi yaitali ogulitsa mafilimu ku Japan ankaona ngati ntchito zake ndi zachijapani kwambiri moti akunja sangazimve, mpaka filimuyi inapata mphoto ya Sutherland ku London mu 1958, ndipo ku America inadzatchuka itaonetsedwa ku New York mu 1972. Anthu akamamunena kuti amangobwereza zomwezomwezo iye ankadziyerekeza ndi munthu wopanga tofu, chakudya chawo cha soya chija, woti sangayambe kuphika zina.

Nde ikakukomerani pitani ku Late Spring ya mu 1949, ndi yaifupiko, mphindi 108, osewera ake ndi omwewa, Chishu Ryu ndi bambo wamasiye, Setsuko Hara ndi mwana wake dzina lakenso Noriko koma ndi munthu wina, nkhani yake ndi yoti sakufuna kukwatiwa kuopa kusiya bambo okha, ndipo Haruko Sugimura ndi azakhali okakamiza ukwati. Kenako Early Summer ya mu 1951, mulinso Noriko wina. Ngati Tokyo Story inakukanikani pakati penipeni ngakhale munatsatira zonsezi, yambirani Late Spring yo, anthu ake ndi ochepa, mayina savuta, mukazolowera kamera yapansi ija mudzabwerere kwa a Hirayama.